Bichir iti m'thanki ya zomera? Zokambirana za osunga nsomba ku Zomba

Mnyamata wa ku Chikanda:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Thanki ndi ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi, 45 msinkhu, galasi la mamilimita 10. Madzi sindinathiremo. Ndikufuna mukhale zomera zambiri ndi bichir, nsomba za thupi lalitali zokhala ndi tizipsepse tambiri pamsana. Wogulitsa watumiza zithunzi za mitundu inayi: senegalus, delhezi, ornatipinnis ndi endlicherii, zonse za masentimita 8 mpaka 10. Mtima wanga uli pa endlicherii chifukwa cha mizere yake ija. Nditenge iti, ndipo zingati?

Bambo a ku Matawale:
Achimwene, endlicherii iiwaleni kaye. Pa chithunzi zonse zinayi n'zofanana msinkhu, koma zikakula zimasiyana ngati mbuzi ndi ng'ombe.

Bichir zili m'magulu awiri, ndipo mumazidziwa poyang'ana mutu cham'mbali. Gulu loyamba nsagwada ya pamwamba ndiyo yaitali, kapena zonse ziwiri n'zofanana. Muno muli senegalus, delhezi, palmas, polli, ornatipinnis ndi weeksii. Gulu lachiwiri nsagwada ya pansi imatulukira kutsogolo, mutu n'kukhala wophwatalala: endlicherii, congicus, lapradei. Izi ndiye zimphona.

M'thanki senegalus imafika masentimita 25 mpaka 30. Delhezi 30 mpaka 35, ina kupyolako pang'ono. Ornatipinnis, ngakhale ili m'gulu loyamba, imafika 60. Endlicherii 60 mpaka 70, ndi thupi lonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu. Thanki yanu m'lifupi ndi 45. Nsomba ya masentimita 60 itembenuka bwanji mmenemo? Pa bichir chofunika ndi kukula kwa pansi, osati kuya kwa madzi, chifukwa imakhala pansi. Ornatipinnis imafuna 180 kwa 60, endlicherii kuposa pamenepo. Ndiye mwatsala ndi ziwiri, senegalus ndi delhezi.

Za chiwerengero: 120 x 45 x 45 ndi malita 243. Mukachotsa mchenga, mitengo ndi mpata wa mpweya pamwamba, mutsala ndi malita pafupifupi 200. Bichir ziwiri, zikachulukitsa zitatu.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Nanga ndikaitenga ikadali yaing'ono, n'kudzagula thanki yaikulu m'tsogolo?

Bambo a ku Matawale:
Chaka choyamba ndi chimene imakula mofulumira kwambiri. Endlicherii yodya bwino imapyola masentimita 25 chaka chisanathe. Ndipo nsomba zimenezi zimakhala zaka zoposa 10. Gulani nsomba yoyenera thanki imene ilipo lero.

Mayi a ku Mulunguzi:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Matawale. Ndiwonjezerepo pa nkhani ya mizere, poti ndi imene yakukopani mwana wanga. Delhezi nayo ili ndi mizere yakuda yotsika m'mbali mwa thupi, pakhungu lotuwa lopita kobiriwira. Ndiye kukongola kumene mukufunako mukupeza popanda kusunga chimphona. Imachokera mu mtsinje wa Congo.

Koma chenjerani pogula. Tiana ta delhezi ndi ta endlicherii timasokoneza anthu chifukwa tonse tili ndi mizere. Musadalire kuwerenga tizipsepse ta pamsana, ziwerengero zake zimalowana. Uzani wogulitsa ajambule mutu cham'mbali, nsomba itatseka pakamwa. Ngati mlomo wa pansi watsogola ndipo mutu uli ngati wapondedwa, imeneyo ndi endlicherii. Delhezi mutu wake ndi wozungulirako, ndipo mlomo wa pamwamba ndiwo umaphimba wa pansi.

Achimwene a ku Chinamwali:
Mayi, ine kwa munthu woyamba kumene ndingasankhe senegalus. Imapirira madzi akasintha pang'ono, ndi yotsika mtengo, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa n'zobadwira m'mathanki, sizibwera ndi tizilombo ta kumtsinje. Chachikulu n'chakuti imayendayenda masana. M'thanki yodzaza zomera, delhezi ikhoza kutha tsiku lonse pansi pa chikuni, mwini wake n'kumangoona mchira. Senegalus imakwera pa masamba a chomera cha m'madzi chotchedwa Anubias, n'kutsamira pa zipsepse za pachifuwa zija ngati buluzi pamwala. Mtundu wake ndi wotuwa basi, palibe mizere, koma mumaiona.

Mayi a ku Mulunguzi:
Zoona achimwene, koma delhezi kubisala kwambiri nthawi zambiri chimakhala kuwala. Mukaika nyali yowala ngati ya pa sitolo, pansi mchenga woyera, ibisala ndithu, mizere n'kufufuma. Kuwala kochepa, mchenga wakuda kapena wofiirira, masamba oyandama pamwamba, muona ikutuluka madzulo ndipo mizere imada bwino. Delhezinso masiku ano zilipo zobadwira m'mathanki. Palibenso choletsa kuika delhezi imodzi ndi senegalus imodzi, bola zikhale zofanana msinkhu. Ina ikaposa inzake kawiri, yaing'onoyo ndi ndiwo.

Achimwene a ku Chinamwali:
Pamenepo sinditsutsa. Chokhacho, ngati mukusakaniza, musatenge senegalus yoyera ya maso ofiira ija. Bichir zonse siziona bwino, zimasaka ndi fungo pogwiritsa ntchito timphuno tiwiri totuluka ngati timachubu, koma yoyerayo ndiye imavutika kwambiri ndi kuwala, ndipo chakudya imapeza inzake itatha kale. Zija za thupi lalifupi lopindika zimene ena amagulitsa modula, musagule, msana wake ndi wolumala.

Achemwali a ku Sadzi:
Tibwere ku zomera, poti apa ndi pamene mathanki ambiri a bichir amalephera. Bichir sidya masamba. Vuto ndi thupi lake. Imakwawa pansi, imadzikankha pakati pa mapesi, ndipo ikanunkhiza chakudya chimene chagwera pa mizu imalowetsa mutu mumchenga. Chomera chilichonse cha mizu yaifupi mawa lake mumachipeza chikuyandama. Ndiye timaudzu tija timayala pansi ngati kapeti, ndi zomera za mapesi ofewa zongobaya mumchenga, zisiyeni.

Zimene zimagwira ntchito ndi zomangirira pa mtengo kapena pa mwala. Anubias barteri ndi Anubias nana, za Kumadzulo kwa Africa konko kumene kuli bichir zambiri. Bolbitis heudelotii, nayonso ya mu Africa, imakonda pamene madzi akuyenda, ndiye ikani pafupi ndi potulukira madzi a fyuluta, chipangizo chosefa madzi a m'thanki. Java fern ndi ya ku Asia koma ndi yolimba chimodzimodzi. Zitatu zonsezi zili ndi tsinde logona, lochindikala, limene masamba amaphukira m'mwamba ndi mizu m'munsi. Tsinde limenelo musalikwirire. Likalowa mumchenga limawola, masamba n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi pakatha sabata ziwiri kapena zitatu. Limangeni ndi ulusi wa thonje kapena twaini wopyapyala wowedzera, mozungulira katatu kapena kanayi, osafinya. Super glue ya gel imagwiranso: pukutani mtengo, kadontho kamodzi pa mizu, gwirani masekondi 30. Pakatha miyezi iwiri mizu imakhala itagwira yokha. Mukagwiritsa ntchito twaini wowedzera, mudzamudule nthawi imeneyo, chifukwa sawola, ndipo tizipsepse ta pamsana pa bichir tikhoza kukodwamo.

Zamizu zimene zimapirira: Crinum calamistratum ndi Crinum natans, za anyezi pansi ndi masamba aatali, Nymphaea lotus, yomwe ndi kakombo wa m'madzi wa masamba ofiira, Cryptocoryne wendtii, ndi Vallisneria kumbuyo. Anyezi wa Crinum mukwirire theka lokha. Kuzungulira tsinde lililonse ikani miyala itatu kapena inayi yosalala, yaikulu ngati dzira la nkhuku, kuti nsomba isafike pa mizu. Kapena dzalani mu kamphika kadothi, n'kukakwirira mumchenga mpaka pakamwa.

Dzalani nsomba isanabwere. Sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi zimene fyuluta ikukhwima, kutanthauza kuti mabakiteriya oyeretsa madzi akuswana mmenemo, ndi zomwezo zimene mizu ikugwira.

Pakati ndi kutsogolo musiye mchenga wopanda kanthu, pafupifupi theka la pansi ponse. Zomera zikhale kumbuyo ndi m'mbali.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Achemwali, nanga dothi lapadera la zomera lija, ndi botolo la CO2, mpweya umene zomera zimagwiritsa ntchito pokula, zofunika?

Achemwali a ku Sadzi:
Ayi. Dothi lija ndi timibulu tofewa, bichir ikamakwawa timaphwanyika, madzi n'kumachita mbuu, fumbi n'kukhala pa masamba. Ikani mchenga wosalala wokuya masentimita 4 mpaka 5, ndipo pansi pa Crinum, Nymphaea ndi Cryptocoryne bayani kambulu ka feteleza wa zomera za m'madzi, kamodzi pa miyezi itatu. Feteleza wa kumunda ayi, urea ndi CAN zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa nsomba. CO2 siyofunika pa zomera zokula pang'onopang'ono ngati izi. Nyali iyake maola 6 mpaka 8. Mukapyola apo masamba a Anubias amagwidwa ndere zobiriwira zolimba zosachoka ndi chala.

Malume a ku Mpondabwino:
Za mchenga ndiwonjezere. Timiyala ta ngati nyemba kapena chimanga n'toopsa. Bichir imameza chakudya mochita kukoka, kamwala n'kulowera limodzi, n'kukatseka m'matumbo. Muona mimba yatupa mbali imodzi, nsomba yasiya kudya. Ndiye kaya mchenga wosalala, kaya miyala yaikulu yosakwana mkamwa, zapakati ayi. Mchenga wa kumtsinje ngwabwino ngati wachokera kumtunda, kumene kulibe zonyansa za m'tauni. Usefeni ndi sefa ya ufa, muutsuke m'ndowa mpaka madzi ayere, kakhumi ngati n'kofunika, kenako muuthire madzi owira. Sopo asayandikire.

Mitengo: wa paini wa kuphiri kuno musaike, uli ndi utomoni. Bulugamu ayinso, mafuta ake. Wabwino ndi tsanya wouma, umene m'masitolo a nsomba amautcha mopane. Ndi wolemera, umamira wokha. Uviikeni m'ndowa sabata ziwiri mukusintha madzi, apo ayi thanki ikhala ngati tiyi. Mtundu wa tiyiwo suvulaza bichir, koma umachepetsa kuwala kofika ku zomera. Miyala muiyese ndi viniga: ikachita thovu ili ndi laimu, ikweza pH, muyeso wa asidi m'madzi (ikakwera ndiye kuti asidi wachepa).

Pobisala pakhale pochuluka kuposa nsomba. Bichir ziwiri, mapanga atatu. Paipi ya PVC ya mamilimita 75, yotseguka mbali zonse ziwiri, mutaimangirira Anubias pamwamba, sioneka n'komwe.

Agogo a ku Domasi:
Ana anga, palibe watchula chivundikiro, chikhalirecho kusowa kwake kumaphetsa bichir zambiri. Nsomba iyi ili ndi mapapo awiri. Pakapita kanthawi imakwera pamwamba, kumeza mpweya, n'kubwerera pansi. Pa chifukwa chimenechi pali zinthu ziwiri.

Choyamba, pakati pa madzi ndi chivundikiro pakhale mpata wa masentimita 5 mpaka 8. Mukadzaza mpaka kukamwa, kapena zomera zoyandama zikatseka pamwamba ponse, nsomba imalephera kupuma ndipo ikhoza kufa m'madzi momwemo. Pangani mkombero ndi kachubu ka mpweya, muuyandamitse, kuti gawo limodzi mwa atatu la pamwamba likhale loyera nthawi zonse. Masamba a Nymphaea ofika pamwamba muzichotsako.

Chachiwiri, imathawa. Imakankha chivundikiro ndi mutu, imatulukira pa bowo la chingwe cha hita kapena paipi ya fyuluta, n'kukwawa pasimenti usiku. Chivundikiro chikhale cha galasi la mamilimita 5 kapena 6, cholemera, ndipo bowo lililonse lolowa chala muliphatike siponji. Mukaipeza pansi itauma khungu, musafulumire kuitaya. Ibwezereni m'madzi osaya mu beseni, zina zimatsitsimuka.

Wogulitsa akakuonetsani ina yaitali ngati njoka, yotchedwa Erpetoichthys calabaricus, ndi ya banja lomwelo, yofatsa, yabwino ndi zomera, imakonda kukhala zitatu kapena kuposa. Koma imeneyo ndiye imatulukira ngakhale pa bowo la pensulo.

Achemwali a ku Sadzi:
Agogo mwandikumbutsa za zoyandama. Namasupuni musamuike, ndi yemwe uja amavutitsa mu Shire ku Liwonde, ndipo wochuluka mukamutaya mu ngalande afika kumtsinje. Chomera cha Ceratophyllum chimayandama bwino, chimadya nitrate, zoipa zimene zimaunjikana m'madzi kuchokera ku zonyansa za nsomba, ndipo kuchotsa n'kosavuta. Icho ndi Vallisneria zimamera mu Nyanja ya Malawi momwe, koma chomera chilichonse chochokera kunyanja kapena kudambo chimabwera ndi nkhono, ndipo nkhono zina ndi zija zimafalitsa likodzo. Valani magolovesi, chotsani nkhono ndi mazira ake a ngati phala loonekera, viikani mphindi 10 m'madzi a mankhwala ophera tizilombo a potassium permanganate ofiirira pang'ono chabe, tsukuluzani, musunge mu ndowa yakeyake sabata zitatu musanadzale.

Bambo a ku Matawale:
Tsopano nyengo yathu. Bichir imafuna madigiri 24 mpaka 28, ikani pa 26. Mu Okutobala hita siyaka n'komwe, koma Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika m'phiri, madzi a m'nyumba amatsika pansi pa 20. Pamenepo nsomba imasiya kugaya chakudya, ndipo matenda a timadontho toyera amalowa. A ku Mulunguzi ndi okwera cha ku Ku Chawe ndiye muwirikize. Pa malita 200 pakufunika mawati 200 mpaka 250. Kuli bwino mahita awiri a mawati 100 kapena 150 kusiyana ndi imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikakanirira osazima siingaphike nsomba msanga. Hita iliyonse ikhale m'kati mwa chotchinga, ngakhale paipi ya PVC yobowolabowola. Bichir imakonda kugona motsamira hita, n'kupsa, pambali n'kutuluka chilonda choyera.

Magetsi akathima: nsombayo siifa msanga poti imapuma mpweya wa pamwamba. Chimene chimafa ndi mabakiteriya a mu fyuluta. Fyuluta yotsekeka ya pansi pa thanki ikaima maola angapo, mpweya m'kati umatha, ndipo magetsi akabwera imalavulira madzi onunkha m'thanki. Akathima nthawi yaitali, izimitseni pa soketi, tsegulani, ikani masiponji mu beseni la madzi a m'thanki. Khalaninso ndi fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya ka batire. Fundikani thanki ndi bulangeti, styrofoam kumbuyo ndi pansi. Tsiku limenelo musadyetse.

Mayi a ku Mulunguzi:
Madzi a pampopi a m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi, ndipo amathiridwa klorini. Klorini amapsereza makha a nsomba ndi kupha mabakiteriya a fyuluta. Thirani mankhwala ochotsa klorini, kapena tungani mu dramu, muikemo kamwala ka mpweya, akhale maola 24 mpaka 48. Madzi othira WaterGuard ndi klorini yemweyo, musaiwale. pH ikhale pakati pa 6.5 ndi 7.5, muyeze nokha, a pa mjigo amasiyana ndi a pampopi.

Nsomba isalowe mpaka amoniya ndi nitrite, poizoni wina amene mabakiteriya a fyuluta amapanga kuchokera ku amoniya, zonse zili pa 0 mukayeza madzi. Nitrate isapyole mamiligalamu 40 pa lita, pansi pa 20 ndiye bwino. Sabata iliyonse chotsani malita 50 mpaka 60, mukukoka zinyalala pamwamba pa mchenga, ndipo atsopanowo akhale ofunda mofanana. Mu Julayi madzi a mu dramu amazizira kwambiri, onjezerani a mu ketulo. Siponji muzitsukira m'madzi ochokera m'thanki, osati pampopi. Madzi asathamange kwambiri, bichir ndi ya m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje modekha.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Ndalemba zonse. Chakudya ndi anzake okhala nawo? Ndimaganiza zoikamo mbuna zingapo poti n'zosavuta kupeza.

Malume a ku Mpondabwino:
Mbuna ayi mphwanga. Zimafuna madzi a pH yokwera, zimadya ndi kuzula zomera, zimajompha zipsepse za bichir ikagona, ndipo chakudya zimamaliza chisanafike pansi. Pleco, nsomba yoyamwa ndere pagalasi, nayenso ayi, usiku amakakamira pamsana pa bichir n'kumayamwa zoterera za pakhungu, mamba n'kutsala poyera. Tinsomba ting'onoting'ono monga guppy ndi neon, ndi nkhanu zazing'ono zija, zonsezo zidyedwa usiku. Zimene zimakhala nayo bwino ndi za thupi lotambalala losalowa mkamwa: Congo tetra zazikulu zisanu ndi imodzi, Ctenopoma acutirostre imodzi, kapena Synodontis, abale ake a kolokolo wathu. Synodontis ndi wadyera, ndiye muonetsetse kuti bichir ikupeza gawo lake. Pa malita 200 sankhani gulu limodzi, osati onse.

Chakudya: mapeleti omira a nsomba zodya nyama akhale maziko. Onjezerani nyongolotsi za m'dimba mosapoperedwa mankhwala, mutazisunga usiku umodzi mu pepala lonyowa kuti zitulutse dothi. Mnofu wa chambo kapena makumba wauwisi, wodula tizidutswa tosaposa mpata wa pakati pa maso a nsombayo, mutausunga mu fiziri masiku angapo. Matemba ndi usipa wouma kapena wa mchere ayi. Matemba auwisi apo ndi apo, chifukwa nsomba zambiri za banja la carp, mmene muli matemba, zili ndi thiaminase, chimene chimawononga vitamini B1 zikakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Amoyo ochokera ku Chilwa musaponyemo, amabweretsa tizilombo. Ngumbi za nthawi ya mvula zothothola mapiko, ziwiri kapena zitatu, zili ndi mafuta ambiri. Nyama ya ng'ombe ndi nkhuku ayi.

Dyetsani nyali itazima, pamalo amodzi nthawi zonse, pa kambale kadothi kapena mwala wophwatalala kutsogolo. Ikazolowera pamenepo siikafukula mizu. Yaing'ono tsiku lililonse, ikapyola masentimita 20 katatu pa sabata. Zotsala chotsani m'mawa.

Agogo a ku Domasi:
Zikafika musazithire m'thanki ya zomera tsiku lomwelo. Zikhale sabata zinayi mu thanki ina yopanda mchenga, ya hita, siponji, paipi yobisalamo ndi chivundikiro. Zogwidwa kumtsinje zimabwera ndi tinyongolotsi ta pakhungu totchedwa Macrogyrodactylus, tooneka ngati tiulusi tating'ono tikugwedezeka pamutu ndi pathupi, nsomba n'kumadzikhula pansi. Mankhwala ake ndi praziquantel, motsatira mlingo wolembedwa pa paketi ya mankhwala a nsomba. Kuchizira m'thanki yaikulu kumavuta, ndipo mankhwala ena monga a kopa ndi mchere amawononga zomera.

Mukaona tinthu ngati nthenga kuseri kwa mutu wa kamwana, si matenda. Ndi makha a kunja, amafota okha ikamakula.

Ndipo ichi ndikupempheni ndi mtima wonse. Bichir ndi ya mu Nile, mu Congo, Kumadzulo kwa Africa, mpaka ku Nyanja ya Tanganyika, koma m'madzi a kwathu kuno mulibe. Kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko kumafuna chilolezo cha dipatimenti yoona za nsomba, ndiye funsani wogulitsa za mapepala ake. Ikadzakukulirani kapena kukutopetsani, ilengezeni pa gulu pano. Musadzaitaye mu Likangala kapena mu Domasi. Mitsinje imeneyi imathira mu Chilwa, mmene anthu a ku Kachulu amapezamo matemba odyetsa mabanja awo, ndipo iyi ndi nsomba yodya zinzake.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Zikomo agogo, zikomo nonse. Nditenga delhezi imodzi ndi senegalus imodzi yotuwa, ndikaona kaye chithunzi cha mutu. Sabata ino ndiyamba ndi mchenga ndi tsanya. Funso lotsiriza: yaimuna ndi yaikazi ndingazisiyanitse pa msinkhu umenewu?

Mayi a ku Mulunguzi:
Pa masentimita 10 n'kovuta, dikirani zifike 18 kapena 20. Muyang'ane chipsepse cha pansi chakufupi ndi mchira. Cha yaimuna n'chotambalala ndi chochindikala, ndipo nthawi zina imachipinda ngati chikhatho. Cha yaikazi n'chaching'ono, chosongoka. Poti mukutenga mitundu iwiri yosiyana, zimenezo zisakuvuteni pogula. Muyang'ane zoti msana ndi wowongoka, timphuno tonse tiwiri tilipo, mimba siyolowa m'kati, ndipo kusiyana msinkhu kwa ziwirizo kusapyole masentimita awiri.